Zulu wa mu filimu ija anakulila muno mu Lusaka

Mukafunsa anthu amene athinana mu basi ya ku Chelstone kuti John Matshikiza anali ndani, ambili adzangokuyang'anani cabe. Koma akumbutseni filimu ya Leon Schuster ija, imene mzungu anamupaka kukhala wakuda ndipo wakuda anamusandutsa mzungu, mudzaona mano panja kucokela pa mpando wa kutsogolo mpaka kwa kondakita. Filimuyo ni There's a Zulu on My Stoep ya mu 1993, ena aidziwa kuti Yankee Zulu. Tinaitamba pa matepu a vidiyo mpaka tepu kutafunika, ndipo pambuyo pake inabwelanso pa ma DVD a pa City Market. Uja anasewela Zulu Mashabela, mnzake wa Schuster, ndiye John Matshikiza. Cimene ambili sitidziwa n'cakuti munthuyu unyamata wake anaudyela muno mu Lusaka, ndipo atate ake anamwalila mu mzinda uno.

John anabadwila ku Johannesburg pa 26 November 1954. Atate ake, a Todd Matshikiza, sanali munthu wamba. Anali katswili wa piyano, wopeka nyimbo, komanso mtolankhani wa magazini ya Drum, imene anthu akuda a m'matauni anali kuilimbilana masiku amenewo. Ndiwo anapeka nyimbo za King Kong, sewelo la nyimbo lokamba za moyo wa wankhonya Ezekiel Dlamini, limene linatsegulidwa mu 1959. Miriam Makeba anali m'gulu la oimba, Hugh Masekela anali kuliza lipenga. Sewelolo linakula mpaka kukafika ku London mu 1961. Pofika nthawi imeneyo a Todd anali atatopa ndi malamulo a tsankho, a mapasi ndi apolisi, ndipo anatenga akazi awo a Esme ndi ana awili, Marian ndi John, n'kukakhala ku England. John anacoka kwawo ali kamwana kosakwana zaka 7.

London sinawalandile bwino a Todd. Munthu amene kwawo anali kudzaza holo, kumeneko anali kusakila nchito zing'onozing'ono za kuimba ndi kulemba. Buku lawo la Chocolates for My Wife linatuluka mu 1961, boma la South Africa n'kuliletsa. Conco pamene mwayi unapezeka mu 1964 wakuti abwele kudzagwila nchito pa wailesi ya dziko latsopano la Zambia, ananyamula banja. Anakhala wowelenga nkhani ndi wokonza mapulogalamu, nthawi imene a Alick Nkhata nawonso anali pa wailesi yomweyo.

Tangoganizani Lusaka imene mnyamata wa zaka 9 kapena 10 anapeza. Sinali Lusaka ya manje ya mizele ya mamotoka kucokela pa Kabwe Roundabout mpaka ku Manda Hill. Unali mzinda waung'ono, Cairo Road ndiye inali zonse, ndipo malile a mtundu anali akali kuoneka ndi maso. Kabulonga ndi Woodlands kunali kwa azungu ndi mabwana a boma, ma yadi akulu ndi mitengo ya maluwa. Kabwata, Chilenje, Kamwala ndi Matero ndiye kunali kwa anthu akuda, ndipo ku Kabwata anthu anali kukhala m'tunyumba tozungulila twa udzu, tumene tocepa tunatsala pa Kabwata Cultural Village. Sukulu imene lelo titi Kabulonga Boys inali itamangidwila ana a azungu, dzina lake Gilbert Rennie. Ngakhale Lusaka Playhouse inali kalabu ya azungu, ocita masewelo a ku England kuti aiwaleko kuti ali kutali ndi kwawo. Zonsezi zinayamba kugwedezeka pa 24 October 1964, caka comwe banja la Matshikiza linafika. Mwana amene anathawa dziko limene wakuda sanali kuloledwa kukhala pa benchi ya mzungu anadzakhala m'dziko limene mbendela ya Britain inatsika, munthu wakuda n'kulowa ku State House.

Ndipo sanali okha alendo. Zaka zimenezo Lusaka inadzala ndi othawa kwawo. Pa Chilimbulu Road ku Kamwala panali Liberation Centre, pamene a ANC, ZAPU, SWAPO ndi magulu ena anali ndi maofesi. A Oliver Tambo anadzakhala zaka zambili mu mzinda uno, ndipo nyumba yawo ya ku Chelstone inasandutsidwa cikumbutso ca dziko mu 2017. Radio Freedom ya ANC inali kuulutsila mau ake kupitila pa wailesi ya Zambia. Tinalipila mtengo pa ulendo umenewo, akulu amene anaima pa mizele ya petulo Ian Smith atalengeza UDI mu November 1965 angakuuzeni bwino. Koma mwana wokulila pakati pa anthu otelo anali kumva ndale, nyimbo ndi nkhani za kwawo tsiku lililonse, monga mmene ana athu amvela za mpila.

Mu 1967 a Todd anasamukila ku nchito yosonkhanitsa ndi kusunga nyimbo za makolo pansi pa Zambia Information Services, n'kumayenda m'midzi kujambula ng'oma ndi nyimbo zathu. Sanaigwile nthawi yaitali. Anamwalila mu Lusaka pa 4 March 1968, patatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 47, osaonanso Johannesburg. John anali ndi zaka 13. Ine niona kuti apa ndiye pali mfundo ya moyo wake wonse. Zambili zimene anacita atakula, kulemba, kusewela, ngakhale kubwelela kwawo, zinali ngati kutsiliza ulendo umene atate ake anasiyila panjila muno.

Atatsiliza sukulu, m'ma 1970 anabwelela ku London kukaphunzila za masewelo pa Central School of Speech and Drama, imodzi mwa sukulu zapamwamba za luso limeneli. Kucoka apo anasewela ndi Royal Shakespeare Company, National Theatre ndi Citizens Theatre ya ku Glasgow. Kwa amene sadziwa, ku England kulowa mu Royal Shakespeare Company kuli monga wampila wa ku Matero kusainidwa ndi timu ya Premier League. Ndipo masiku amenewo malo a wakuda pa siteji ya ku Britain anali ocepa maningi: kapolo, msilikali woimilila ndi mkondo, wanchito wobweletsa kalata. Kuti munthu adye ndi nchito imeneyi anafunika khosi lolimba.

Usiku wina ali pa siteji ya Shakespeare, usiku wina ali pa nchito ya cipani. Anali mmodzi mwa anthu oyambilila a Mayibuye Cultural Ensemble, gulu la ANC limene linayamba ku London ca m'ma 1975, lomwe linali kuyenda m'maiko a ku Ulaya kulakatula ndakatulo ndi kuimba nyimbo za ufulu, kuti azungu a kumeneko amve zimene maboma awo anali kucilikiza ku South Africa. Analembanso zake: buku la ndakatulo la South Where Her Feet Cool on Ice, ndi sewelo la Prophets in the Black Sky.

Caka cimene dziko lonse linaona nkhope yake ni 1987. Richard Attenborough anapanga Cry Freedom, filimu ya Steve Biko ndi mkonzi wa nyuzipepa Donald Woods, Denzel Washington akusewela Biko. Popeza ku South Africa kunali kosatheka, anaijambulila pafupi apa ku Zimbabwe. John anasewela Mapetla, kutengela Mapetla Mohapi, mnzake wa Biko amene anafela m'manja mwa apolisi mu August 1976, apolisiwo n'kunena kuti anadzimangilila. Si mbali yaitali, koma ukaiona siiwalika: munthu wofatsa, wogwila nchito yake ya utolankhani, amene atengedwa pamsewu masana n'kusabwelanso. Filimuyo itafika ku South Africa mu July 1988, apolisi analanda makope ake tsiku lomwe inayamba kuonetsedwa. Caka comweco ca 1987 anasewelanso Walter Sisulu mu filimu ya pa TV ya Mandela, mmene Danny Glover anali Mandela. Onani zodabwitsa zake: munthu amene anali kuimilila South Africa pamaso pa dziko, dzikolo anali kulidziwa kupitila m'nkhani za akulu ndi m'zikumbukilo za kamwana.

Anabwelela mu 1991, patapita zaka pafupifupi 30, ANC italoledwanso ndipo a Mandela atatuluka m'ndende. Kubwelela kwawo kwa munthu wotele si nkhani ya kutsika basi pa Intercity abale n'kukulandila cikwama. Anafika ndi Cizungu ca ku London, ndi maso a munthu amene anakulila m'dziko lodzilamulila, ndipo anapeza anthu amene anavutikila mkati zaka zonsezo, ena akuona obwela kucokela kunja monga odzadya zophikaphika. Iye sanabise kuti anali mwana wa pakhomo komanso mlendo nthawi imodzi.

Apa ndiye pabwela filimu yathu ija. Mu There's a Zulu on My Stoep, Zulu ni mnyamata amene anakula ndi mnzake mzungu, Rhino, tsankho n'kuwalekanitsa. Apita ku America, akhala zaka zambili, asanduka wakuba mamotoka, ndipo abwezedwa kwawo ndi kakambidwe ka ku America. Ife tinali kuseka misampha, kugwa m'matope ndi mzungu wankhanza Diehard akuzunzidwa ndi ana. Koma taonani bwino: amene anali kusewela munthu wobwelela kwawo atasanduka mlendo anali munthu amene anali atangobwelela kwawo atasanduka mlendo. Ena amaona kuti n'zomvetsa cisoni kuti munthu wa Shakespeare akumbukilidwe ndi filimu ya nthabwala zogwetsana. Ine sinivomeleza kwenikweni. Kuseketsa anthu si nchito yopepuka, ndipo kuima pafupi ndi Schuster osamizidwa kufuna luso. Filimuyo imagwila mtima cifukwa Zulu sali cidole ca Rhino. Ali ndi mkwiyo wake, ali ndi cifukwa cake, ndipo John anamupatsa ulemu umene wosewela wamba akanautaya pofuna kuseketsa. Cimene cinganidandaulitse n'cakuti ambili tinaimila pomwepo.

Kaili nchito yake inapitilila. Anatsogolela masewelo pa Market Theatre ndi Windybrow ku Johannesburg. Anagwilako nchito ya zacikhalidwe pa Gorée Institute ku Senegal. Anaoneka mu The Air Up There pamodzi ndi Kevin Bacon, mu Hijack Stories, mu Beyond Borders ya Angelina Jolie, ndi mu Wah-Wah ya 2005, imene inajambulidwa ku Swaziland, mmene anali dokotala. Pa TV anali mu Hard Copy, sewelo la m'nyumba yolembela nyuzipepa, ndipo a DStv angamukumbukile mu Jacob's Cross.

Koma ku South Africa ambili amamukumbukila ndi colembela. Mu nyuzipepa ya Mail & Guardian anali ndi danga lake la mlungu ndi mlungu, With the Lid Off, kutanthauza kuvundukula poto kuti muone zili mkati. Dzinalo sanalipeke yekha. Linali dzina la danga la atate ake mu Drum, ndipo analitola pamene iwo analisiya. Mu 2000 zolemba za awiliwa zinatuluka m'buku limodzi la dzina lomwelo, tate ndi mwana m'cikuto cimodzi, ngakhale kuti imfa inawalekanitsa mwanayo asanamele ndevu. Kalembedwe kake kanali konyodola mofatsa. Sanasiye azungu amene anaiwala msanga zimene anacita, ndipo sanasiyenso anzake a m'cipani amene anatsika ndeke ndi sutukesi imodzi n'kusanduka mabwana a mamotoka akuda magalasi. Analembanso kawilikawili za maiko ena a mu Africa, pokumbutsa anthu a kwawo kuti kumpoto kwa Limpopo kuli anthu amene anawasunga. Amene muli ndi abale ku Joni mudziwa cifukwa cake cikumbutso cimeneco cifunika. Mu May 2008, iye akali moyo, anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo m'makomboni a kumeneko.

Zaka zake zothela zinali zolemela. Kumapeto kwa 2007 acifwamba anamulanda motoka mu Johannesburg, ndipo zimenezi zinamuwawa kwambili, cakuti anayamba kulemba mowawidwa mtima za umbanda mu mzinda umene anaulakalaka moyo wake wonse. Pa 15 September 2008, ali pa lesitilanti ku Melville, anagwa ndi matenda a mtima n'kumwalila. Anali ndi zaka 53.

Kuno uthengawo unapita mwakacetecete. Tinali titangoika a Levy Mwanawasa pa Embassy Park pa 3 September, ndipo m'mabasi nkhani inali ya masankho a 30 October, ba Sata kapena ba RB. Ku South Africa nako, pasanathe mlungu a Thabo Mbeki anakakamizidwa kutula pansi udindo, manyuzipepa onse n'kutembenukila kumeneko.

Mwana wake wamkazi, Lindiwe Matshikiza, nayenso ni wosewela. Mu filimu ya Mandela: Long Walk to Freedom ya 2013, imene Idris Elba anasewela Mandela, uja anasewela Zindzi atakula ndiye mdzukulu wa a Todd, wowelenga nkhani pa wailesi yathu mu 1964.