MICHAEL FARADAY, MWANA WA WOSULA AMENE ANACENJEZA ZA FUMBI LA MALASHA

Michael Faraday anabadwira kufupi ndi London m'caka ca 1791. Atate ake anali wosula zitsulo wosauka, kotero mnyamatayo sanapite patali ndi sukulu. Pofika zaka 14 analowa nchito yosoka mabuku, nayamba kuwerenga mabuku omwewo. Mu 1813 katswiri Humphry Davy anamtenga kuti azimthandiza ku Royal Institution, ndipo mu 1831 Faraday anatulukira njira yopangira magetsi ndi maginito, njira imene makina a ku Kariba ndi Kafue Gorge atsata kufikira lero.

Koma nchito yake ya m'migodi ndi ocepa aikumbukira. Mu September 1844 mgodi wa malasha wa Haswell, kumpoto kwa England, unaphulika nupha anthu 95, ena a iwo ana. Boma linatuma Faraday ndi Charles Lyell kukafufuza. Masiku amenewo anthu anali kuimba mlandu mpweya woyaka wokha. Awiriwo atatsikira pansi anapeza fumbi lopserera litamatirira pa nsanamira, nazindikira kuti mpweyawo ukaphulika uutsa fumbi la malasha, fumbilo niligwira moto ndi kuukulitsa m'njira za mgodi.

Eni migodi sanasamale cenjezolo kwa zaka zambiri. Faraday anamwalira mu 1867. Mu 1913 mgodi wa Senghenydd ku Wales unapha anthu 439, ndipo pa 6 June 1972 mpweya ndi fumbi lomweli zinaphulika ku Wankie, tsopano Hwange, nizipha anthu 427, pakati pao amuna ambiri ocokera ku Zambia ndi Malawi.