Satyendra Nath Bose, mphunzitsi amene adasintha kawerengedwe ka tizigawo ta kuwala

Malemu Satyendra Nath Bose adabadwira mumzinda wa Calcutta ku India pa 1 Januwale 1894, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa Angelezi. Adaphunzira masamu pa Presidency College, ndipo m'chaka cha 1921 adakayamba kuphunzitsa fizikisi pa yunivesite ya Dhaka.

Ali kumeneko, m'chaka cha 1924, adalemba pepala lalifupi lofotokoza njira yatsopano yowerengera tizigawo ting'onoting'ono ta kuwala totchedwa mafotoni. Mfundo yake inali yakuti tizigawoti n'tofanana kotheratu, kotero kuti tiwiri tikasinthana malo palibe chimene chimasintha, ndiponso tambirimbiri tingathe kukhala mumkhalidwe umodzi. Pepalalo adalitumiza kwa Albert Einstein, amene adalimasulira m'Chijeremani nalipereka ku magazini ya Zeitschrift für Physik.

Einstein adaona kuti mfundoyi ingagwirenso ntchito pa maatomu ena. Adalosera kuti mpweya wa maatomu otere ukazizira kopitirira muyezo, ambiri mwa iwo amatsikira pamodzi mumkhalidwe wa mphamvu yochepetsetsa n'kuyamba kuchita zinthu ngati chinthu chimodzi. Pambuyo pake Paul Dirac adatcha tizigawo tonse totsata lamuloli maboson, polemekeza Bose.

Bose adabwerera ku Calcutta mu 1945, ndipo adamwalira komweko pa 4 Febuluwale 1974, ulosiwo usanakwaniritsidwe. Zidatheka mu 1995 mumzinda wa Boulder ku America, pamene Eric Cornell ndi Carl Wieman adaziziritsa maatomu a rubidium pafupifupi 2,000 mpaka kutentha kwake kudatsala kachigawo kosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a digiri kuti kufike pa -273.15°C, malire a kuzizira konse. Wolfgang Ketterle wa ku MIT adachitanso chimodzimodzi ndi sodium chaka chomwecho, ndipo atatuwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Kuyambira pamenepo mpweya wotere wakhala chida chofufuzira mmene zinthu zimasinthira mkhalidwe. Mu 2002 akatswiri a ku Munich adaika maatomuwa m'ukonde wa kuwala kwa laser. Atakhwimitsa ukondewo, maatomu amene ankayenda momasuka adakhazikika lililonse pamalo pake. Zidadziwikanso kuti mpweyawu ukaziziritsidwa mofulumira, umasintha m'zigawozigawo zosagwirizana, ndipo pokumana pa zigawozo pamatsala timikuntho ting'onoting'ono.

Bose sadalandire mphoto ya Nobel, ngakhale bungwe la Royal Society la ku London lidamusankha kukhala membala wake mu 1958. Zaka zake zambiri adazithera pa nkhani ina imene idali pamtima pake: kuti ana aziphunzira sayansi m'chinenero chawo. Mu 1948 adakhazikitsa bungwe la Bangiya Bijnan Parishad, lofalitsa sayansi m'Chibengali, chiyankhulo cha makolo ake.