Albert Ayler

Albert Ayler (13 Julayi 1936 – Novembala 1970) anali woimba wa ku America yemwe ankaliza sakisofoni komanso kupeka nyimbo za jazi. Amadziwika ngati mmodzi mwa akatswiri a mtundu wa jazi wotchedwa free jazz, umene oimba satsatira malamulo akale a kayendedwe ka nyimbo. Ali moyo, zimbale zake sizinkayenda malonda ndipo nthawi zambiri ankakhala wopanda ndalama. Anamwalira ali ndi zaka 34 zokha. Anthu ambiri anamva nyimbo zake iye atamwalira kale, kudzera mu zimbale zakale zimene makampani akhala akuzitulutsanso ndiponso matepi amene anapezeka pambuyo pake.

Ubwana ndi usilikali

Ayler anabadwira mumzinda wa Cleveland, m'chigawo cha Ohio. Bambo ake, a Edward Ayler, ankaliza sakisofoni ndi vayolini, ndipo ndi amene anayamba kumuphunzitsa. Awiriwa ankaimba limodzi kutchalitchi. Albert anaphunzira pa sukulu ya John Adams High School, ndipo pa nthawiyo ankaliza bwino kwambiri jazi wa mtundu wa bebop moti anzake anamupatsa dzina loti Little Bird, pomuyerekeza ndi Charlie Parker yemwe ankatchedwa Bird. Mu 1952, ali ndi zaka 16, anayamba kuyenda ndi gulu la Little Walter, katswiri wa nyimbo za blues, pa nthawi ya tchuthi.

Mu 1958 analowa usilikali ndipo ankaimba m'bandi ya asilikali. Kumeneko anasiya sakisofoni ya alto n'kuyamba kuliza ya tenor, yomwe ndi yokulirapo ndipo ili ndi mawu aakulu. Mu 1959 anatumizidwa ku France. Nyimbo zogubira asilikali zimene ankaimba m'zaka zimenezi zinadzamveka kwambiri m'nyimbo zake patsogolo pake.

Ku Sweden ndi ku Denmark

Atachoka ku usilikali mu 1961, anafuna ntchito ku Los Angeles ndi ku Cleveland, koma oimba anzake ambiri sankafuna kuimba naye chifukwa kalizidwe kake kanali katayamba kusintha. Mu 1962 anasamukira ku Sweden. Chimbale chake choyamba, Something Different, chinajambulidwa ku Stockholm chaka chomwecho ndipo chinatulutsidwa ndi kakampani kakang'ono kotchedwa Bird Notes. Kenako anakumana ndi Cecil Taylor, woliza piyano wa ku America, ndipo anaimba naye ku Copenhagen. Mu Januwale 1963 anajambula My Name Is Albert Ayler mumzinda womwewo, pamodzi ndi Niels-Henning Ørsted Pedersen, woliza besi yemwe panthawiyo anali ndi zaka 16.

New York ndi ESP-Disk'

Mu 1963 Ayler anabwerera ku America n'kukakhala ku New York. Kumapeto kwa chakacho, loya wina dzina lake Bernard Stollman anamumva akuimba ku Harlem ndipo anamupempha kuti ajambule naye chimbale. Stollman anali atayamba kumene kampani ya ESP-Disk', yomwe chimbale chake choyamba chinali cha nyimbo za m'chinenero cha Esperanto. Lamulo la kampaniyi linali loti woimba yekha ndi amene asankhe zimene zilowe m'chimbale chake.

Pa 10 Julayi 1964, Ayler, Gary Peacock woliza besi ndi Sunny Murray woimba ng'oma anajambula Spiritual Unity. Chimbalechi ndi cha mphindi pafupifupi 30 ndipo chinajambulidwa mwa njira ya mono, pomwe mawu a zida zonse amatulukira pamodzi, ngakhale Stollman ankayembekezera kuti chikhala cha stereo. Chinatuluka mu 1965 chili ndi nambala 1002, ndipo chinali chimbale choyamba cha jazi cha kampaniyi. Ambiri amachiona ngati ntchito yake yaikulu koposa.

Chakumapeto kwa 1964 anayendera mayiko a ku Ulaya pamodzi ndi Don Cherry. Mu 1965 mng'ono wake Donald Ayler, woliza lipenga, analowa m'gululo. Pa 1 Meyi 1965 anajambula Bells pamaso pa anthu ku Town Hall, ndipo mu Seputembala anajambula Spirits Rejoice.

Kaimbidwe kake

Nyimbo za Ayler nthawi zambiri zimayamba ndi kanyimbo kosavuta, kofanana ndi nyimbo za kutchalitchi, za ana kapena zogubira asilikali, koti munthu akhoza kukaimba atangokamva kamodzi. Kenako amakaphwasula. Sakisofoni imalira, kubangula ndi kunjenjemera, n'kukwera mpaka mawu aang'ono kwambiri omwe chidachi sichitulutsa kawirikawiri. Kukamwa kwa sakisofoni yake ankaikako kabango kolimba kapulasitiki, ndipo kameneka kankathandiza kuti mawu ake akhale amphamvu. Murray sankaimba ng'oma mowerengera mayendedwe a nyimbo monga mwa chizolowezi, ndipo Peacock ankaliza besi ngati akuyankhana ndi sakisofoni. M'magulu ake a 1965 ndi 1966 zida zonse zinkalira nthawi imodzi, mofanana ndi mabandi akale a ku New Orleans. Iye ankaona nyimbo zake ngati zauzimu, ndipo mayina a nyimbo zake zambiri amanena za mizimu, angelo ndi pemphero. Olemba nkhani za jazi anagawanika. Ena ankati ndi phokoso chabe, ena ankati ndi njira yatsopano.

Impulse! ndi zaka zomaliza

John Coltrane ankamulemekeza kwambiri Ayler ndipo ankamuthandiza ndi ndalama. Ndi iye amene analimbikitsa kampani ya Impulse! kuti imutenge mu 1966. Chimbale chake choyamba kumeneko chinali Albert Ayler in Greenwich Village, chomwe chinatuluka mu 1967. Coltrane atamwalira, Ayler ndi Ornette Coleman anaimba pa mwambo wa maliro ake pa 21 Julayi 1967 ku tchalitchi cha St. Peter's ku New York.

Ngakhale anali pa kampani yaikulu, omvera sanachuluke. Mu 1968 anajambula New Grass, chomwe chinali ndi nyimbo zoimba pakamwa ndiponso kamvekedwe ka rhythm and blues. Mawu a nyimbo zambiri za m'zaka zimenezi ankalemba ndi Mary Maria Parks, yemwe ankakhala naye komanso kuimba naye. Ambiri mwa amene ankamukonda kale anachikana chimbalechi, ndipo omvera atsopano sanabwere. Pa nthawi yomweyi Donald anadwala matenda a maganizo n'kuchoka m'gululo, zomwe zinamusautsa kwambiri Albert.

Pa 25 ndi pa 27 Julayi 1970 anaimba ku Fondation Maeght, ku Saint-Paul-de-Vence kumwera kwa France, ndipo anthu anamulandira ndi manja awiri. Pa 5 Novembala 1970 anasowa ku New York. Mtembo wake unapezeka mumtsinje wa East River pa 25 Novembala. Kwa zaka zambiri kunali mphekesera zoti anachita kuphedwa, koma Parks anadzafotokoza kuti anali atavutika maganizo kwa nthawi yaitali ndipo anadzipha. Anaikidwa m'manda kwawo ku Ohio.

Kutulutsidwanso kwa zimbale zake

Ntchito yaikulu ya Ayler inajambulidwa m'zaka zisanu ndi zitatu zokha, kuyambira 1962 mpaka 1970, ndipo yambiri inali m'manja mwa makampani ang'onoang'ono omwe ankadinda zimbale zochepa. Zina zinatayikiratu. Mu Novembala 1966 a BBC anajambula gulu lake pa kanema ku London, koma sanaulutse pulogalamuyo ndipo tepi yake inafufutidwa.

ESP-Disk' inasiya kutulutsa zimbale chapakati pa zaka za m'ma 1970. Zitatero, nyimbo zake zinkatulutsidwanso ndi makampani a kunja amene anapatsidwa chilolezo, monga Base ya ku Italy ndi ZYX ya ku Germany, yomwe inaziika pa ma CD m'zaka za m'ma 1990. Kunalinso zimbale zodindidwa popanda chilolezo. Oimba angapo amene anajambula ndi ESP-Disk' anadandaula kuti sankalandira ndalama za nyimbo zawo. Stollman anatsegulanso kampaniyi mu 2005 ndipo anamwalira mu 2015.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, anthu otolera zimbale za Ayler amayenera kusamala. Chimbale chimodzi chikhoza kupezeka ndi mayina awiri. Spirits, chomwe chinatulutsidwa ndi kampani ya Debut ku Denmark, chinatulukanso ndi dzina loti Witches & Devils pa kampani ya Freedom, ndipo Ghosts chinatulukanso ndi dzina loti Vibrations. Wosadziwa akhoza kugula nyimbo zomwezo kawiri. Zimbale zoyambirira zili ndi zizindikiro zake zimene otolera amafufuza. Bells yoyamba inali ndi nyimbo mbali imodzi yokha ndipo inadindidwa pa pulasitiki yoonekera mkati. Pa ma CD nthawi zambiri imaphatikizidwa ndi Prophecy, chomwe chinajambulidwa mu Juni 1964 koma chinatuluka mu 1975. Pa zimbale zina zoyambirira za Spiritual Unity panalowa molakwika nyimbo ina m'malo mwa nyimbo yachitatu, ndipo mu 2014, pokumbukira zaka 50 chijambulireni chimbalechi, ESP-Disk' inachitulutsanso chili ndi nyimbo zonse ziwiri.

Matepi a mawailesi a ku Ulaya anathandizanso kwambiri. The Hilversum Session, chojambulidwa ku Netherlands mu Novembala 1964, chinatuluka mu 1980. Kampani ya Hat Hut ya ku Switzerland inatulutsa zimene gulu lake linaimba ku Lörrach ndi ku Paris mu 1966. Mu 1998 Impulse! inasonkhanitsa nyimbo zojambulidwa ku Greenwich Village pa ma CD awiri.

Mu 2004 kampani ya Revenant, yomwe anayambitsa ndi John Fahey ndi Dean Blackwood, inatulutsa bokosi lotchedwa Holy Ghost. Muli ma CD asanu ndi anayi a nyimbo zosowa ndi zokambirana, CD ina ya nyimbo za nthawi ya usilikali, buku la masamba 208, zithunzi komanso duwa louma. Mmenemo mulinso zimene anaimba ndi Cecil Taylor mu 1962 ndiponso pa maliro a Coltrane. Mu 2020 Third Man Records inadindanso New Grass, chimbale chimene chinanyozedwa chitangotuluka kumene. Mu 2022 Elemental Music inatulutsa Revelations, ma LP asanu kapena ma CD anayi, momwe muli zonse zimene anaimba ku Fondation Maeght kuchokera m'matepi a wailesi ya boma la France. M'mbuyomo anthu ankangomva mbali chabe ya nyimbozi pa zimbale ziwiri za kampani ya Shandar.

Chikumbutso

Kalizidwe ka Ayler kamamveka m'nyimbo zomaliza za Coltrane ndiponso mwa oimba ambiri amene anabwera pambuyo pake. David Murray anajambula Flowers for Albert mu 1976. Peter Brötzmann wa ku Germany anayambitsa gulu la Die Like a Dog pomukumbukira, ndipo Marc Ribot, woliza gitala, anatcha gulu lake lina Spiritual Unity. Mu 2005 Kasper Collin wa ku Sweden anatulutsa filimu yofotokoza moyo wake yotchedwa My Name Is Albert Ayler, momwe mukuoneka bambo ake ndi mng'ono wake Donald, yemwe anamwalira mu 2007. Mu 2022 Richard Koloda anasindikiza buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa Holy Ghost.