GEORG SCHMIDT, WOFESA AMENE SANAKOLOLE

Mwezi uno tikumbutsane za munthu amene anafesa mbeu m'dziko la Cape, koma dzinthu zace sanaziona.

M'caka ca 1652 Jan van Riebeeck anafika ku Cape ndi zombo zitatu, namanga linga, kuti amalinyero a ku Holland opita kum'mawa azipezako madzi, ndiwo ndi nyama. Eni dziko anali Akhoikhoi, oweta ng'ombe ndi nkhosa. Azungu atacuruka anawalanda mabusa, ndipo nthomba ya 1713 inapha ambiri. Otsala anasanduka anchito a Azunguwo. Zinapita zaka 85 asanalandire mphunzitsi wotumidwa kwa iwo.

Mphunzitsiyo ndiye Georg Schmidt, wobadwa m'dziko la Moravia mu 1709. Akali mnyamata anagwidwa cifukwa ca kulalikira, nakhala m'ndende zaka 6. Mnzace anafera momwemo. Koma iye, zowawa zitamkulira, anabvomera kukana ciphunzitso cace, namasulidwa. Sitibisa kugwa kwaceku, pakuti Petro yemwe anagwa, ndipo Ambuye sanamtaya. Abale a ku Herrnhut anamtuma yekhayekha ku Cape, nafikako mu 1737.

Caka cotsatira anakamanga m'cigwa ca Baviaanskloof, kum'mawa kwa Cape Town. Analima munda, naoka mtengo wa zipatso, nasonkhanitsa anthu. Cinenero cao cinamkanika, tsono anawaphunzitsa kuwerenga m'cinenero ca ku Holland. Mu 1742 inamfika kalata ya Zinzendorf, mtsogoleri wa mpingo wace, yomuika akhale mbusa, ndipo anabatiza anthu asanu. Mmodzi anali mkazi amene analandira dzina la Magdalena.

Pamenepo mlandu unabuka. Abusa a Eklesia wa ku Cape anakana ubusa woikidwa ndi kalata, namletsa kubatiza. Mu 1744 anabwerera ku Ulaya kukapempha cilolezo, atasiyira Magdalena Cipangano Catsopano. Cilolezoco sicinaturuka. Anatsiriza masiku ace ndi nchito za manja, osaleka kupempherera kagulu kace, namwalira ku Niesky mu 1785. Poyesa monga ayesera anthu, zaka 7 za thukuta ndi obatizidwa asanu ndiyo nchito yolephera.

Koma taonani cocita Mulungu. Mu 1792 anafika m'cigwamo aphunzitsi atatu a mpingo womwewo: Marsveld, Schwinn ndi Kühnel. Anapeza nyumba itagwa, koma mtengo uja utakula. Anapezanso Magdalena, nkhalamba ya maso akhungu, ali nalo buku lija, lokulungidwa m'cikopa ca nkhosa. Zaka 48 analisunga, nawerengera anzace, popanda mbusa kapena malipiro.

Anthu anayamba kusonkhana, ndipo mudzi unakula. Mu 1806 unachedwa Genadendal, ndiko kunena Cigwa ca Cisomo. Caka comweco Angelezi analanda dzikolo kaciwiri, nakhazikikamo. Mu 1838 anatsegula komweko sukulu ya aphunzitsi, yoyamba m'dziko lonselo. Ndipo cotizizwitsa ndi ici: mwa Eklesia yemwe uja amene abusa ace analetsa Schmidt, munaturuka A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, amene anamanga Mvera mu 1889.

Tsono inu aphunzitsi a m'midzi, amene muomba ng'oma m'mawa nafika ana asanu okha, musataye mtima. Inu amai amene musunga buku m'nyumba mmene mwamuna sapemphera, musalibise pa tsindwi kuti lidyedwe ndi ciswe. Liwerengeni kwa ana ndi adzukulu. Mudzi ukakhala wopanda mbusa, nchito igwera ife odziwa kuwerenga. Ife tifulumira kuwerenga mitu ya anthu pakutha kwa caka, koma Mwini munda sawerenga comweco. Cathu ndi kufesa, ndi kusiya Mau m'manja mwa wina wokhulupirika, monga anacita Schmidt.