John Montagu, bwana amene dzina lake linathera pa buledi

Chakudya chimene timachitcha sangweji, zidutswa ziwiri za buledi zokhala ndi kanthu pakati, chinatenga dzina kwa munthu amene sanali wophika. Munthuyo ndi John Montagu, Mngelezi amene anabadwa mu November 1718 n'kumwalira pa 30 April 1792. Pa udindo wake ankatchedwa Earl wachinayi wa Sandwich. Earl ndi ufumu wa cholowa wa ku England, ndipo monga mmene zimakhalira kwathu kuno kuti munthu akalowa ufumu dzina la paubwana limaiwalika n'kumaitanidwa dzina la mpando, nayenso anthu sankamutchula kuti John. Ankangoti Sandwich.

Sandwich weniweni ndi katauni ka kufupi ndi nyanja m'chigawo cha Kent. Banja la Montagu silinkakhala kumeneko. Kwawo kunali ku Hinchingbrooke, pafupi ndi Huntingdon. Dzinali linalowa m'banjamo mu 1660, pamene kholo lawo Edward Montagu, mkulu wa zombo zankhondo, anakatenga Charles II ku Holland kuti adzakhale pa mpando wachifumu, mfumuyo n'kumuthokoza ndi ufumu umenewu.

Ubwana wa John unali wa mwana wamasiye. Bambo ake anamwalira mu 1722, iye ali ndi zaka pafupifupi zinayi. Mayi ake anakwatiwanso ndipo sankaonana naye kawirikawiri. Agogo ake atamwalira mu 1729, mnyamata wa zaka khumi analowa ufumu wokhala ndi dzina lalikulu koma chuma chochepa poyerekeza ndi mabanja ena a msinkhu umenewo. Kuperewera kwa ndalamaku kunamutsata moyo wake wonse, moti ntchito ya boma kwa iye sinali yongotayira nthawi monga zinalili kwa anzake olemera. Ankafuna malipiro. Anaphunzira ku Eton ndi ku Trinity College, Cambridge, kenaka mu 1738 ndi 1739 anayenda pa chombo kuzungulira nyanja ya Mediterranean, n'kufika ku Greece, Turkey ndi Egypt, maiko amene achinyamata achingelezi a nthawi imeneyo sankafikako kawirikawiri.

Atabwerera kwawo analowa ndale. Mu 1744 anaikidwa m'bungwe loyang'anira zombo zankhondo za Britain, ndipo ali ndi zaka zosakwana 30 anatumidwa kukaimira dziko lake pa zokambirana za mtendere, zoyamba ku Breda mu 1746, zomaliza ku Aix-la-Chapelle mu 1748. Anakhala mkulu wa bungwe la zombolo maulendo atatu: kuyambira 1748 mpaka 1751, kwa miyezi yochepa mu 1763, ndiponso kuyambira 1771 mpaka 1782. Pakati pa nthawi zimenezi anakhalaponso nduna ya boma komanso mmodzi wa akuluakulu a mtengatenga wa makalata.

Ntchito imene anaigwira ndi mtima wonse inali ya zombo. Masiku amenewo zombo zinali zamatabwa, ndipo mdani wake wamkulu sanali mizinga ya Afalansa koma kuwola. Chombo chokhomedwa ndi matabwa osauma chinkayamba kufumbwa chisanathe zaka zingapo. Sandwich anayamba kuyendera yekha malo okhomera zombo monga Portsmouth, Plymouth ndi Chatham, chinthu chimene mabwana a ku London sanazolowere, ndipo analimbikira zoti boma lizisunga matabwa ambiri, aziyamba auma asanagwiritsidwe ntchito. Panalinso vuto la tizilombo ta m'nyanja timene timaboola matabwa ngati anankafumbwe, ndi ndere zomera kunsi kwa chombo zimene zimachichedwetsa. Mankhwala ake anali kukuta kunsi konseko ndi mapepala a mkuwa. Zinali zodula kwambiri, koma cha m'ma 1779 iye pamodzi ndi Charles Middleton, amene anamuika pa udindo woyang'anira zokonza zombo, anakakamiza kuti zichitike pa zombo zonse zazikulu. Zombo zokutidwa mkuwa zinkathamanga kuposa zinzake, ndipo zinkatha nthawi yaitali panyanja osafuna kukonzedwa.

Ndiye nkhani ya buledi inalowa bwanji? Imene ambiri tinamva m'kalasi ya Chingelezi ndi yakuti bwanayu anali katswiri wa juga, ndipo tsiku lina anakhala pa tebulo la makhadi usana ndi usiku osadzuka, n'kulamula wantchito kuti amubweretsere nyama ya ng'ombe pakati pa zidutswa ziwiri za buledi kuti azidya ndi dzanja limodzi, linalo lili pa makhadi. Nkhaniyi imakoma kufotokoza, ndipo mphunzitsi amene akufuna kudzutsa ana ogona masana imamuthandiza. Koma ukaitsata kumene inachokera, umapeza kuti yaima pa mwendo umodzi.

Amene anailemba ndi Mfalansa wina dzina lake Pierre-Jean Grosley, amene anacheza ku London kwa milungu yochepa mu 1765 n'kutulutsa buku la ulendo wake mu 1770. Chingelezi sankachidziwa bwino, kotero zambiri ankangomva kwa ena. M'bukumo anangonena za nduna ina ya boma, osaitchula dzina. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka kanameta munthu amene mwini kalumo sankamudziwa n'komwe. Komanso dzina la chakudyachi linalipo kale Grosley asanaponde ku London. Edward Gibbon, wolemba mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Roma, analemba m'buku lake la zochitika tsiku ndi tsiku pa 24 November 1762 kuti anaona akuluakulu a dziko akudya chakudya cha dzina limeneli pa malo ena ochezera otchedwa Cocoa Tree.

Katswiri wa mbiri ya zombo N. A. M. Rodger, amene anatulutsa buku la moyo wa Sandwich mu 1993, anaiona nkhaniyi mosiyana. Iye anaonetsa kuti munthuyu analibe ndalama zotayira pa juga yaikulu, ndipo mu 1765 anali nduna yotanganidwa imene inkakhala pa desiki maola ambiri, n'kumaphonya chakudya chachikulu chimene anthu apamwamba ankadya chakumadzulo. Ngati panali tebulo limene sankafuna kuchokapo, n'kutheka kuti linali lodzaza ndi makalata a boma. Kwa ine maganizo awa ndi amene akugwirizana ndi munthu amene anasiya mulu wa makalata olemba yekha, ndipo ndikuona kuti amene tikukonzekera uphunzitsi tiyenera kusamala tisanauze ana a eni kuti wakuti anali wajuga, pamene mboni yake ndi mlendo mmodzi amene sanatchule ngakhale dzina.

Kumuchotsera mlandu wa juga sikumusandutsa woyera mtima. Zolakwa zake zenizeni zili ndi mboni zambiri. Mu November 1763 boma linkafuna kuthana ndi John Wilkes, wandale ndi mtolankhani amene ananyoza mawu a Mfumu George III m'nyuzipepala yake. Wilkes anali mnzake wa Sandwich wa kumacheza, ndipo awiriwa ankadziwana makhalidwe. Sandwich anaimirira m'nyumba ya malamulo ya mafumu n'kuwerenga mokweza ndakatulo yotukwana imene inasindikizidwa mobisa kwa Wilkes, akudzionetsa ngati wakhumudwa nayo kwambiri. Anthu a mu London sanapusitsidwe, poti anyani sasekana zikundu. Anamupatsa dzina lachipongwe loti Jemmy Twitcher, lochokera kwa munthu wa m'sewero lotchuka la John Gay amene anapereka mnzake, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka kumanda. Munthu amene wapereka bwenzi pagulu, anthu amakhulupirira chilichonse choipa chimene amva za iye, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya juga inapeza makutu oilandira.

Za m'banja mwake ndi zomvetsa chisoni. Mu 1741 anakwatira Dorothy Fane, ndipo anabereka naye ana, mmodzi wa iwo ndi John amene anadzalowa ufumuwo. Patapita zaka mayiyu anadwala matenda a maganizo, awiriwo n'kupatukana, ndipo mu 1767 khoti linagamula kuti sangathenso kudziyang'anira. Mkazi wake akadali moyo, Sandwich anatenga mtsikana wina dzina lake Martha Ray, amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zoposa 20. Anamulipirira maphunziro a kuimba, anakhala naye ngati mkazi wake zaka zoposa 15, n'kubereka naye ana angapo. Sanamukwatire, ndipo sakanatha kutero. Martha ankadziwa kuti tsiku limene bwanayu adzatsikire kuli chete, iye ndi ana ake sadzakhala ndi pogwira.

Chaka cha 1779 chinali chowawa kuposa zonse. Britain inali pa nkhondo ndi madera ake a ku America, France inali italowerera kale mu 1778, ndipo Spain inalowanso chaka chimenechi. Akuluakulu awiri a zombo, Augustus Keppel ndi Hugh Palliser, anali atakangana pa za nkhondo ina ya panyanja imene sinayende bwino, ndipo Keppel atapezeka wosalakwa mu February, chikhamu cha anthu chinakaswa mawindo ku likulu la zombo kumene Sandwich ankakhala. Pa 14 February, kutali ku nyanja ya Pacific, Kaputeni James Cook anaphedwa ku Hawaii. Sandwich ndiye ankathandiza maulendo a Cook, ndipo Cook anali atatcha zilumba zimenezo kuti Sandwich Islands chaka chapitacho pomulemekeza. Uthenga wa imfayo unafika ku London patapita miyezi yambiri. Koma uthenga wina sunachedwe. Usiku wa pa 7 April, Martha Ray akutuluka m'nyumba ya zisudzo ku Covent Garden, anawomberedwa m'mutu ndi James Hackman, yemwe kale anali msilikali ndipo anali atangodzozedwa kumene kukhala wansembe wa mpingo wa Anglican. Hackman ankafuna kumukwatira koma anakanidwa. Anayesa kudziwombera yekha, sanafe, ndipo pa 19 April anapachikidwa ku Tyburn. Amene ankamudziwa Sandwich ananena kuti chisoni chimenechi sichinamuchoke.

Nkhondo ya ku America itaipa, makamaka asilikali a Britain atagonja ku Yorktown mu 1781, otsutsa boma anamuloza iye chala kuti zombo sizinali zokonzeka ndiponso kuti maudindo ankagawira anzake. Zogawira anzake maudindo zinali ndi choonadi chake, poti ndale za nthawi imeneyo zinkayenda motero ndipo iye anali katswiri pa zimenezo. Boma la Lord North linagwa mu March 1782, iye n'kuchoka nalo. Patangopita milungu yochepa, mu April, zombo zija zokutidwa mkuwa zinagonjetsa Afalansa pa nkhondo ya ku Saintes m'nyanja ya Caribbean, motsogoleredwa ndi George Rodney. Ulemu unapita kwa Rodney.

Pali mbali ina ya moyo wake imene oimba makwaya angaikonde. Sandwich ankakonda nyimbo za George Frideric Handel pa nthawi imene anthu apamwamba ankafuna zatsopano zokhazokha. Ku Hinchingbrooke ankasonkhanitsa oimba n'kumaimba nyimbo zazitali za Handel za nkhani za m'Baibulo, Martha akutsogolera mawu, mwini nyumba akuomba ng'oma. Mu 1776 anathandiza kuyambitsa makonsati a nyimbo zakale, ndipo mu 1784 anali mmodzi wa okonza chikondwerero chachikulu chokumbukira Handel ku Westminster Abbey, kumene oimba mazanamazana anaimba Messiah. Mwambo woimba Haleluya wa Handel ndi chikwaya chachikulu unakula kuchokera pa zochitika ngati zimenezi.

Kuika ndiwo pakati pa mkate sikunayambe ndi iye. Ayuda amakumbukira mphunzitsi wawo Hillel, amene anakhalako Yesu asanayambe utumiki wake, kuti pa Paskha ankakulunga masamba owawa ndi mkate wopanda chotupitsa n'kudyera pamodzi, potsata lamulo la pa Numeri 9:11, ndipo mpaka lero amachita zimenezi pa mgonero wa Paskha. Alimi ndi antchito a ku Ulaya nawonso ankadya buledi ndi tchizi kapena nyama kumunda kwa zaka mazana ambiri popanda wina kuchipatsa dzina. Chimene Sandwich anachita ndi kudya chakudya cha anthu wamba pamaso pa anthu apamwamba, iwo n'kuyamba kutengera.

Atamwalira ku London mu 1792, dzinalo linapitiriza ulendo palokha. Ku America makina odula buledi anayamba kugwira ntchito mu 1928 m'tauni ya Chillicothe ku Missouri, sangweji n'kusanduka kamba wa ana asukulu. Chiponde chimene ambiri amapaka pakatipo chili ndi dzanja la mpingo wathu: Dr. John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek ankachilimbikitsa m'ma 1890 ngati cholowa m'malo mwa nyama kwa odwala ake, ngakhale kuti kusinja mtedza agogo athu sanadikire kuphunzitsidwa ndi dokotala. Ku Vietnam kuli banh mi, wopangidwa ndi buledi wautali amene anasiya Afalansa. Ku Cape Town kuli Gatsby, wodzaza tchipisi, wamkulu moti amagawana anthu angapo, ndipo m'makomboni a ku Johannesburg amagulitsa kota, chigawo cha lofu chokumbidwa pakati.

Zilumba zimene Cook anamutchulira zinabwerera ku dzina la eni ake, Hawaii. Zatsala ndi South Sandwich Islands, kumwera kwa nyanja ya Atlantic, kozizira kosakhala anthu. Buku la ulendo wake wa ku Mediterranean linatuluka mu 1799, mwini wake atagona kale zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 2004 a m'banja lake, Earl wa nambala 11 ndi mwana wake Orlando Montagu, anagwirizana ndi wamalonda Robert Earl n'kutsegula malo odyera otchedwa Earl of Sandwich ku Walt Disney World m'boma la Florida, ogulitsa nyama ya ng'ombe yootcha pakati pa buledi.