Amai Dorothy Masuka, Woimba Nyimbo za Jazi

Kodi munamvapo amai akuimba pamtondo? M'midzi ya kuno ku Lundazi, amai akamasinja cimanga amaimba nyimbo. M'nyimbozo amanena zimene zikuwapweteka mumtima. Lero tiwerenga za mai wina amene anaimba za mavuto a anthu ambiri. Dzina lake ndi Dorothy Masuka.

Dorothy anabadwa pa 3 Sepitembala, 1935, mumzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe. Atate ake anali ocokera kuno ku Zambia. Iwo anali kugwira nchito yophika mu hotela. Amai ake anali a mtundu wa Azulu.

Ali mwana, Dorothy anali kudwaladwala. Atafika zaka 12, anapita kukakhala ku South Africa kuti akapeze bwino. Kumeneko analowa sukulu mumzinda wa Johannesburg. Dorothy anali kukonda kuimba kwambiri. Asanakwanitse zaka 20, nyimbo zake zinayamba kujambulidwa.

Nyimbo zimene anali kuimba zimachedwa jazi. Jazi inayambidwa ndi anthu akuda a ku America. Poimba jazi pamakhala ng'oma, malipenga, gitala ndi piyano. Dorothy anali kuimba jazi m'zilankhulo za kuno ku Africa. Anali kupeka yekha nyimbo zake. Nyimbo yake yochedwa Hamba Nontsokolo inachuka kwambiri. Mnzake, Miriam Makeba, nayenso anaimbako nyimbo zina za Dorothy.

Masiku amenewo ku South Africa kunali tsankho. Azungu okha ndiwo anali kulamulira. Anthu akuda sanali kuloledwa kukhala kumene afuna. Ngakhale sukulu zao zinali zosiyana ndi za Azungu. Munthu akadandaula, apolisi anali kumumanga.

Amai Masuka sanakhale cete. Anapeka nyimbo yonena za Malan, mtsogoleri amene anabweretsa malamulo ankhanza. Boma linakwiya ndipo linaletsa nyimboyo. Koma iwo sanaleke. M'caka ca 1961, mtsogoleri wa dziko la Congo, Patrice Lumumba, anaphedwa. Amai Masuka anamuimbira nyimbo. Apa boma la South Africa linakwiya koposa. Iwo sanathenso kukhala m'dzikolo. Anasiya anzao ndi anthu amene anali kukonda nyimbo zao.

Atacoka, anakhalako ku Malawi, ku Tanzania ndi ku London. Pambuyo pake anabwera kudzakhala ku Zambia, kwao kwa atate ao. Dziko lathu linali litalandira ufulu mu 1964. Linali kulandira anthu ambiri othawa nkhanza m'maiko ao. Kuno Amai Masuka anagwira nchito yothandiza anthu okwera ndeke.

Dziko la Zimbabwe linalandira ufulu mu 1980, ndipo iwo anabwerera kumene anabadwira. Mu 1990, Nelson Mandela anatulutsidwa m'ndende. Tsankho linayamba kutha. Mu 1992, Amai Masuka anabwereranso ku South Africa. Panali patapita zaka 31! Mau ao anali akali amphamvu. Anapitiriza kuimba mpaka atakalamba.

Amai Masuka anamwalira pa 23 Febuluwale, 2019, ku Johannesburg. Anali ndi zaka 83. Nyimbo zao zikali kumveka pawailesi mpaka lero.

Mau atsopano

jazi: nyimbo zoimbidwa ndi ng'oma, malipenga, gitala ndi piyano
kupeka: kupanga nyimbo yatsopano
tsankho: kuzunza anthu ena cifukwa ca khungu kapena mtundu wao

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Amai Dorothy Masuka anabadwira kuti?
2. Atate ao anali ocokera m'dziko liti?
3. Chulani zoimbira ziwiri za nyimbo za jazi.
4. N'cifukwa ciani boma linaletsa nyimbo yao?
5. Anagwira nchito yanji ku Zambia?
6. Mukanakhala inu, kodi mukanaleka kuimba? Fotokozani cifukwa cake.

Nchito ya kunyumba

Pemphani agogo kapena amai kuti akuphunzitseni nyimbo imodzi ya pamtondo. Afunseni zimene nyimboyo ikunena. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.