Mfumu Yosiya wa Banja la Davide

Pokondwerera zaka 50 za mpingo wathu tikumbukire Yosiya, mfumu ya Yuda. Iye anali wa banja la Davide, limene Mulungu analilonjeza kudzera mwa mneneri Natani kuti mpando wake wachifumu sudzatha. Komabe m'banjali munatuluka mafumu oipa. Manase, agogo ake a Yosiya, anamanga maguwa a mafano m'nyumba ya Yehova. Amoni, atate ake, anaphedwa ndi anyamata ake omwe atalamulira zaka 2 zokha.

Yosiya analowa ufumu cha mu 640 Khristu asanabadwe, ali ndi zaka 8, ndipo analamulira zaka 31 ku Yerusalemu. M'chaka cha 18 cha ufumu wake analamula kuti akonze Kachisi. Ntchito ili mkati, mkulu wa ansembe Hilikiya anapeza buku la chilamulo. Mlembi Safani atamuwerengera, mfumu inang'amba zovala zake ndi chisoni, nituma nduna kukafunsa mneneri wamkazi Hulida. Pambuyo pake inasonkhanitsa anthu onse, akulu ndi ang'ono, niwawerengera bukulo. Inapangana pangano ndi Yehova, inagumula maguwa a mafano ndi kubwezeretsa Paskha.

Aneneri ankayeza mfumu ndi chilungamo chake. Yeremiya anayamikira Yosiya chifukwa ankaweruza bwino milandu ya aumphawi ndi osowa, ndipo anati kumeneko ndiko kumudziwa Yehova. Mneneri yemweyo anadzudzula Yehoyakimu, mwana wa Yosiya, amene anamanga nyumba yachifumu osawalipira antchito ake.

Yosiya anavulazidwa nafa pa nkhondo ya ku Megido mu 609, polimbana ndi Farao Neko wa ku Ejipito. Pasanathe zaka 25, Ababulo anapasula Yerusalemu ndipo mpando wa Davide unakhala wopanda mfumu. Ngakhale zinali tero, Yeremiya analengeza kuti Mulungu adzautsira Davide mphukira yolungama, mfumu yochita chilungamo m'dziko. Ife timakhulupirira kuti mfumuyo ndi Yesu Khristu, ndipo Mateyu analemba dzina la Yosiya pa mndandanda wa makolo ake.

Nafenso talandira cholowa kwa makolo amene anayambitsa mpingo uno. Tisachinyadire chabe. Tiziwerenga Mawu pamaso pa ana athu, tiziteteza amasiye ndi osauka, ndipo aliyense wotigwirira ntchito tizimulipira pa nthawi yake.